Kuzungulira pa pommel horse: limbitsani mapewa, miyendo idzatsatira

Mwa zipangizo zisanu ndi chimodzi zimene amuna amapikisanirapo pa masewero a gymnastics, pommel horse, yomwe ili ngati msana wa hatchi wokhala ndi zogwirira ziwiri, ndiyo imaoneka yofatsa kwambiri kwa woonera, chifukwa palibe kudumpha kapena kutembenuzika m'malere monga zimachitikira pa zipangizo zinazo. Wosewera amangotsamira pa manja ake, thupi lonse n'kumazungulira popanda kukhudza chipangizocho, ndipo akakhala katswiri zimaoneka ngati sakuvutika n'komwe. Amene anayesapo amadziwa kuti si mmene zilili, popeza kuzungulira kamodzi kokha kooneka bwino kumatha kumutengera mnyamata wamphamvu miyezi ingapo. Malangizo awa ndalembera aphunzitsi a masewero, makolo ndiponso anyamata a kuno ku Dedza ndi a ku Ntcheu amene anaona masewerowa pa wailesi ya kanema kapena pa foni ndipo akufuna kuphunzira maziko ake, omwe ndi kuzunguliza miyendo iwiri pamodzi, kumene akatswiri amakutcha circle. Ngakhale maso a woonera amakhala pa miyendo, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mapewa, ndipo mwana amene mapewa ake sanakhwime sangazungulire bwino ngakhale atamayesera tsiku lililonse.

Chipangizo cha pa mpikisano chili ndi miyeso yoikidwa ndi bungwe la FIG, lomwe linakhazikitsidwa mu 1881 ndipo limayendetsa masewerowa pa dziko lonse. Msinkhu wake kuchokera pansi ndi masentimita 115, m'litali ndi masentimita 160, m'lifupi pamwamba pake ndi masentimita 35, ndipo chili ndi zogwirira ziwiri zotalika masentimita 12 zimene zimatalikirana masentimita 40 mpaka 45. Chinachokera ku hatchi yamtengo imene asilikali akale ankaphunzirirapo kukwera ndi kutsika, ndipo Friedrich Ludwig Jahn wa ku Germany, amene anatsegula bwalo lake la masewero ku Berlin mu 1811, ndi mmodzi mwa anthu amene anachilowetsa m'masewero olimbitsa thupi. Masiku ano wosewera saloledwa kuima kuyambira pokwera mpaka potsika, ndipo akagwa oweruza amamuchotsera pointi yathunthu. Zambiri zimene Max Whitlock wa ku Britain anaonetsa popambana golide ku Rio de Janeiro mu 2016 ndi ku Tokyo pa masewero a Olympics otsatira, komanso zimene Rhys McClenaghan wa ku Ireland anaonetsa ku Paris mu 2024, zinamangidwa pa circle yomweyi. Ngakhale kuyenda kuchokera kumapeto ena a hatchi kukafika kumapeto enawo, kumene kumadziwika ndi dzina la Zoltán Magyar wa ku Hungary, ndi kuzungulira komweku kochitika uku manja akusuntha malo.

Zimene mungakonze pakhomo kapena pasukulu

Kusowa kwa chipangizo chimenechi m'masukulu mwathu kusakugwetseni ulesi, chifukwa ngakhale kumene chilipo ana sayambira pamenepo. Amayambira pa kachipangizo kozungulira, kokwera pang'ono pakati, kotchedwa mushroom chifukwa kamaoneka ngati bowa, ndipo kalipentala aliyense wodziwa ntchito yake atha kukukonzerani ndi matabwa a paini amene sasowa kuno ku Dedza. Muuzeni kuti pamwamba pake pakhale masentimita pafupifupi 60 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, msinkhu wake ufike m'mawondo mwa mwanayo kapena kupitirira pang'ono, ndipo tsinde lake likhale lotambalala ndi lolemera kuti bowayo asapendekeke munthu akatsamira mbali imodzi. Pamwambapo ayalepo siponji yopyapyala koma yolimba, kenako akutepo chikopa kapena nsalu yokhuthala, misomali yonse ikhomedwe kunsi kumene dzanja silifika. Siponji yofewa kwambiri si yabwino, chifukwa chikhatho chimamira ndipo mfundo ya dzanja imapindika kuposa muyeso. Chitsa chachikulu chimene chidakali ndi mizu pamalo osalala chimathandizanso chikasemedwa bwino, koma mtondo wovundikira kapena chigubu musayerekeze n'komwe, popeza zimenezi zimagubuduka. Mozungulira bowayo chotsani miyala yonse, muyale matiresi akale kapena matumba odzaza utuchi wochokera kochekera matabwa. Pomaliza lembani mzere ndi choko pakati pa bowa, kuchokera kumanzere kupita kumanja, chifukwa pamzere umenewu ndi pamene manja aziponda nthawi zonse.

Kulimbitsa mapewa

Phewa ndi mfundo imene imayenda kwambiri kuposa mfundo ina iliyonse m'thupi, ndipo limatha kutero chifukwa mutu wa fupa la mkono umakhala m'kadzenje kosaya. Chimene chimaugwira kuti usachoke m'malo ndi minofu, makamaka inayi yaing'ono imene madokotala amaitcha rotator cuff, pamodzi ndi minofu imene imakanikiza fupa lophwathalala la kuseri kwa phewa kuti likhale pa nthiti. Pa kuzungulira kulikonse thupi lonse limatsamira pa mkono umodzi kawiri, ndipo limatero likuthamanga, kotero phewa losakonzekera limamira, mutu n'kulowa pakati pa mapewa, chiuno n'kupindika, miyendo n'kugunda bowa. Mphunzitsi amene amangokalipira mwana kuti akweze miyendo pamene vuto lili m'mapewa amataya nthawi yake ndi ya mwanayo. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu oyambirira aperekedwe makamaka ku ntchito ya mapewa, ndipo ntchitoyi isadzasiyidwe ngakhale mwana atayamba kuzungulira.

Tsiku lililonse la maphunziro liyambe ndi kutenthetsa thupi. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'miyezi ya June ndi July kumazizira moti zala zimachita dzanzi, kuno komanso kumapiri a Ntcheu monga ku Tsangano. Minofu yozizira sichedwa kuvulala, choncho nyengo imeneyi mphindi 15 zothamanga, kulumpha chingwe, kuzunguliza mikono kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso kupinda ndi kutambasula manja, zisachepetsedwe. Mwana asavule juzi mpaka thukuta litayamba kutuluka.

Maziko a zonse ndi kakhalidwe katatu ka thupi kamene mwana ayenera kukadziwa ali pansi asanakhudze bowa. Koyamba ndi kutsamira chafufumimba, monga mmene munthu amakhalira asanatsike pochita push-up: manja pansi pa mapewa, zigongono zowongoka, mimba yolimba, matako ofinyidwa, ndipo azikankha pansi mwamphamvu mpaka msana wa pakati pa mapewa utukuke pang'ono. Kachiwiri ndi kutsamira chagada, manja ali kumbuyo ndipo zala zikuloza kumapazi, chiuno chitakwezedwa mpaka thupi lonse liwongoke kuchokera m'mapewa kufika ku zidendene, chifuwa chili chotseguka. Kachitatu ndi kutsamira cham'mbali pa mkono umodzi, mkono winawo uli pa ntchafu, chiuno osachilola kulendewera. Ayambe ndi masekondi 20 pa kakhalidwe kalikonse, maulendo atatu, ndipo aziwonjezera pang'onopang'ono mpaka azifika mphindi yathunthu osanjenjemera. Mwa zitatuzi, kutsamira chagada ndi kumene ana ambiri amafooka nako, chifukwa pa ntchito zathu za tsiku ndi tsiku, kaya kulima kapena kusenza katundu, mikono imagwira ntchito kutsogolo ndi m'mwamba, osati kumbuyo kwa thupi. Kupatseni nthawi yochuluka kuposa kwinako, pakuti circle yambiri imafera pamenepa.

Kenako aphunzire kukankha ndi phewa lokha popanda kupinda chigongono. Aime pakati pa mabenchi awiri okhazikika, atsamire pa manja mapazi atachoka pansi, alole thupi kutsika mpaka mapewa afike pafupi ndi makutu, kenako akankhe mpaka khosi litalike ndipo mapewa atsike kutali ndi makutu. Achite zimenezi ka 10 mpaka ka 15, maulendo atatu, mosathamanga. Zomwezo azichite ali chafufumimba pansi, kulola chifuwa kutsika pang'ono pakati pa mikono yowongoka kenako kukankha kuti mafupa a kuseri kwa mapewa atalikirane. Kuyenda kwake ndi kwakung'ono, masentimita ochepa chabe, ndipo anyamata amakonda kukupeputsa n'kuyamba kupinda zigongono kuti zioneke ngati ntchito yaikulu. Musawalole, chifukwa chigongono chikapindika ntchito imachoka m'minofu imene tikufuna kulimbitsa.

Akazolowera zimenezi, ayambe kusamutsa kulemera kwa thupi kuchoka pa dzanja lina kupita pa lina. Ali chafufumimba, apendekere kumanja, anyamule dzanja lamanzere n'kugunda ntchafu yake, alibwezere, kenako achite chimodzimodzi mbali inayo, ndipo abwereze zonsezi ali chagada. Chimene mukuyang'ana ndi chakuti phewa la mkono wotsala pansi lidutse pamwamba pa dzanja lake dzanja linalo lisananyamuke, osati kunyamula dzanja kaye kenako n'kumafunafuna pogwera. Ntchito imene ndimaiona yopindulitsa kuposa zonse imafuna thumba lopanda kanthu ndi simenti yosalala ya m'kalasi. Mwana aike mapazi pa thumbalo, ayende ndi manja akukoka thupi lowongoka kuchokera kukhoma lina kufika kukhoma lina, ulendo wina chafufumimba, ulendo wina chagada, kupita kutsogolo ndiponso chobwerera m'mbuyo. Pamenepa mapewa, mimba ndi manja zimagwira ntchito pamodzi monga zidzachitire pa bowa, ndipo chiuno chikangopindika aliyense amaona.

Minofu yaing'ono ija ya mkati mwa phewa imafuna ntchito yopepuka yakeyake. Pitani kwa okonza njinga pamsika, kaya pa Dedza boma kapena pa Lizulu, mukapemphe chubu chakale, muchidule kukhala lamba wautali. Mumange mbali imodzi pa chitsulo cha zenera kapena pamtengo, pa msinkhu wa chigongono. Mwana aime cham'mbali, chigongono chitapindidwa ndipo chitakhudza nthiti, akoke mphirayo potembenuzira dzanja kunja popanda kuchotsa chigongono pa nthiti, ka 15 mkono uliwonse, kenako atembenuke n'kukokera mkati. Agwirenso mphirayo ndi manja awiri kutsogolo kwa chifuwa n'kuitambasula mpaka mikono ifike m'mbali. Mphira ikhale yofewa moti atha kumaliza osakweza mapewa kapena kupotoza msana. Popeza pommel horse ndi masewero okankha okhaokha, minofu ya pachifuwa imakula msanga n'kuyamba kukokera mapewa kutsogolo, choncho onjezerani ntchito yokoka, monga kudzikweza pa nthambi yolimba kapena pa chitsulo chokhazikika bwino, kuti minofu ya kumsana isatsalire.

Mphamvu yokha sikwanira ngati phewa silitha kupita kumbuyo. Pomaliza maphunziro, thupi lidakali lotentha, mwana akhale pansi, aike manja kumbuyo motalikirana ngati mapewa ake, kenako asunthire matako kutsogolo pang'onopang'ono mpaka amve kukokeka kutsogolo kwa mapewa, akhale choncho masekondi 30. Mnzake asamukankhe kapena kumukoka mikono, chifukwa mwini thupi yekha ndi amene amadziwa pamene kukokeka kwasanduka kupweteka.

Za mfundo ya dzanja ndiyenera kulankhula mosabisa kwa makolo ndi aphunzitsi. Mwa mwana amene akukula, kumapeto kwa mafupa a mkono kuli malo ofewa amene fupa limakulira, ndipo kutsamira pa manja mobwerezabwereza kumatha kuwavulaza, vuto limene limadziwika bwino pakati pa ana ochita gymnastics. Mwana akamadandaula kupweteka pamfundo ya dzanja, makamaka mbali ya chala chachikulu, kapena mukaona kutupa, asiye kutsamira pa manja nthawi yomweyo, ndipo kupwetekako kukapitirira masiku angapo mupite naye kuchipatala. Chimodzimodzi kupweteka kobaya mkati mwa phewa, kapena kumene kumamudzutsa usiku. Kumuuza kuti alimbe mtima ngati mwamuna pa nkhani imeneyi ndi kumulakwira, chifukwa fupa lovulala pamalo okulira limatha kusakula bwino. Masiku atatu kapena anayi pa sabata ndi okwanira, ndipo pakati pake pazikhala tsiku lopuma. Chakudya chake chisakhale nsima ndi mbatatesi zokha, koma pazikhalanso nyemba, soya, mtedza, usipa kapena mazira, zimene zimamanga minofu.

Mmene circle imayendera

Kuti timvane, yerekezani kuti bowa ali pakati pa wotchi yaikulu yoyalidwa pansi, mwana akuyang'ana ku 12 koloko, mapazi ake ali kumbuyo pa 6 koloko. Ndifotokoza za mwana amene miyendo yake imayamba kupita kumanzere, kutsatira mivi ya wotchi, ndipo amene amazungulira mbali inayo angosinthanitsa manzere ndi manja. Masiku oyamba muloleni ayesere mbali zonse ziwiri, asankhe imene thupi lake likumasuka nayo, ndipo akasankha asadzasinthenso.

Pa 6 koloko ali chafufumimba pa manja awiri, mapewa atapitirira manja pang'ono chakutsogolo. Miyendo ikamapita pa 9 koloko, kumanzere, mapewa amapendekera kumanja, thupi lonse limatsamira pa mkono wamanja, ndipo dzanja lamanzere limanyamuka kuti thupi lidutse. Pa 12 koloko miyendo ili kutsogolo, mwana ali chagada, dzanja lamanzere labwerera kale pamzere, ndipo mapewa apendekera kumbuyo. Pa 3 koloko miyendo ili kumanja, mapewa apendekera kumanzere, dzanja lamanja lanyamuka, ndipo kuchokera apo thupi limabwerera pa 6 koloko. Katswiri amachita zonsezi m'sekondi pafupifupi imodzi.

Mukaonetsetsa, paliponse pamene mapazi ali, mapewa amakhala mbali yotsutsana nawo. Onani mthiko pamene mayi akutakasa phala atawugwira pakati: kunsi kwake kukapita mbali ina ya mphika, kumtunda kwake kumapendekera mbali inayo, ndipo mthikowo supindika. Thupi la wosewera limayendanso chotero, mapazi akulemba mzere waukulu wozungulira pamene mapewa akulemba waung'ono, ndipo kupendekera kwa mapewako ndi kumene kumanyamula miyendo. Mwana akaopa kupendekera, miyendo imamulemera, ndipo njira yokha imene imamutsalira kuti asagwe ndi kupinda chiuno n'kukokera mapazi pafupi ndi bowa. Choncho mukafuna circle yotambalala, phunzitsani mapewa kupendekera molimba mtima pa mkono wowongoka umene ukukankha pansi, ndipo miyendo idzakwera yokha.

Chiuno chili ndi lamulo lake. Chiyenera kukhala chowongoka ulendo wonse, matako ali ofinyidwa, ndipo chiziyang'ana kutsogolo momwe chingathere m'malo motembenuka kutsatira miyendo. Kuchokera pa 9 kupita pa 12 koloko zala za kumapazi ndizo zimatsogola ndipo chiuno chimatsegukira m'mwamba. Kuchokera pa 3 kupita pa 6 koloko zidendene ndizo zimatsogola, ndipo apa mwana asafulumire kutembenuzira mimba pansi, chifukwa akatero thupi lonse limapotoka ndipo ulendo wachiwiri amauyamba akuyang'ana kwina. Miyendo ikhale yophatikizana, mawondo owongoka, zala za kumapazi zitasongoka, popeza pa mpikisano kutangadza miyendo, kupinda mawondo ndi kupinda chiuno zonse zimachotsetsa mapointi. Mutu ukhale bwinobwino pamzere wa msana, maso akuyang'ana chapatsogolo pansi, osati kulondola mapazi.

Manja nawo asachedwe m'malere. Dzanja limanyamuka pang'ono chabe, mongokwanira kuti thupi lidutse, ndipo limabwerera pamzere mofulumira thupi likangodutsa. Mwana amene amaponya mkono m'mwamba amachedwa kuubwezera, motero amafika pa 12 koloko adakali pa mkono umodzi ndipo amakhala pansi. Mphunzitsi atha kuzindikira zambiri pongomvetsera: kugunda kwa manja pa bowa kuyenera kumveka motalikirana mofanana, ndipo kukamamveka kuwiri kothinana kenako kanthawi ka zii, ndiye kuti dzanja limodzi likuchedwa.

Kuphunzitsa pang'onopang'ono

Poyamba mwana ayende circle yonse mapazi ali pansi, manja ali pa bowa, akuima pa malo anayi aja kwa masekondi atatu kuti mumukonze mapewa ndi chiuno. Izi azichite kambiri mpaka manja adziwe okha nthawi yonyamuka. Kenako aphunzire kunyamuka kwake: aime kumbuyo kwa bowa manja ali pamzere, asunthire mapazi kumanja pang'ono, ngati pa 5 koloko, kenako akankhe n'kuponya miyendo kumanzere, aiphatikize isanafike pa 8 koloko, n'kutera pa 9 koloko ali cham'mbali, mapewa atapendekera kumanja. Gawo limeneli likamatheka bwino maulendo khumi motsatizana, apitirire kukatera pa 12 koloko ali chagada chiuno chili m'mwamba, kenako pa 3 koloko, ndipo pomaliza azungulire yense n'kutera pamene anayambira. Musadumphe gawo lililonse. Mnyamata wamphamvu atha kudziponya n'kuzungulira kamodzi tsiku loyamba lomwelo chiuno chili chopindika, ndipo anzake adzamuombera m'manja, koma chizolowezi chimenecho chimavuta kuchichotsa kuposa kuphunzitsa munthu amene sanayambepo. Kwa ana ang'onoang'ono, mphunzitsi atha kugwira akakolo n'kuyenda nawo mozungulira bowa pang'onopang'ono kuti amve mmene thupi lowongoka limayendera.

Chida chimene chimathandiza kwambiri pa nthawi imeneyi ndi ndowa yolendewera, ndipo ngakhale m'malo ophunzitsira akatswiri amaigwiritsa ntchito. Mangani chingwe cholimba pa mtanda wa denga kapena pa nthambi yaikulu, mamita atatu kapena kuposerapo kuchokera pansi, molunjika pamwamba penipeni pa bowa, chifukwa chikapatuka pang'ono circle imapatukanso. Kumapeto kwake mangani ndowa yapulasitiki yolimba, chingwecho chidutse m'mabowo amene mwaboola m'mbali mwa ndowayo, osati pa chogwirira chake chimene chimatha kuthothoka. Utali wa chingwe ukhale wakuti mwana akatambasula thupi, mapazi ake ali m'ndowa, akhale pa msinkhu wa pamwamba pa bowa kapena kukwererapo pang'ono. Avale sokosi kuti mapazi azitembenuka momasuka m'ndowamo, ndipo popeza chingwe chimapotana pa kuzungulira kulikonse, muzichimasula mwana akatsika. Yesani chingwecho ndi kulemera kwa munthu wamkulu musanalole mwana kulowetsa mapazi. Ndowa imanyamula miyendo, motero mwana amapeza mpata wophunzira kupendekera, kutsegula chiuno ndi kufulumiza manja maulendo 10 kapena 20 motsatizana, zimene sakanatha payekha. Koma isalowe m'malo mwa bowa wopanda ndowa, pakuti mwana wozolowera kunyamulidwa amaiwala kukankha. Tsiku lililonse achite zonse ziwiri, ndipo amalizire kopanda ndowa.

Kuchoka pa kuzungulira kamodzi kufika pa kawiri ndi pamene ambiri amakhalitsa, ndipo chifukwa chake nthawi zambiri chimakhala pa 6 koloko. Mwana amafika pamenepo atakonzekera kutera, mapewa ali kumbuyo kwa manja, ndipo mapazi amagwa. Muuzeni kuti cholinga chake chisakhale kuzungulira kamodzi, koma kamodzi ndi gawo limodzi, kukatera pa 9 koloko, ndipo akumbukire kukankhira mapewa kutsogolo zidendene zikamadutsa kumbuyo. Akatha zimenezo, kamodzi ndi theka sikachedwa, ndipo akafika kawiri chiwerengero chimakwera msanga.

Zolakwika zina zimabisala kwa maso chifukwa cha liwiro, choncho jambulani mwana ndi foni kuchokera kutsogolo ndiponso cham'mbali, muonere limodzi mwapang'onopang'ono. Mukaona matako akutsika pa 12 koloko, mapewa sanapite kumbuyo mokwanira kapena dzanja lachedwa, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera ku kutsamira chagada ndi kukoka thumba. Mukaona matako akukwera m'mwamba pa 6 koloko, mapewa sanapite kutsogolo. Mukaona dzanja limodzi likuponda kutsogolo kwa mzere wa choko ndipo linalo kumbuyo kwake, thupi layamba kupotoka, ndipo vuto limeneli lisalekereredwe ngakhale mwana akuzungulira kambiri, chifukwa pa hatchi zogwirira sizisuntha kutsatira dzanja. Mukaona mutu ukumira pakati pa mapewa, mwanayo watopa kapena mphamvu yokankha idakali yochepa, ndipo ndi bwino apume kusiyana n'kupitiriza kuzoloweza thupi kakhalidwe kolakwika. Konzani cholakwika chimodzi pa nthawi imodzi, pakuti mwana amene wauzidwa zinthu zinayi asananyamuke sakumbukira ngakhale chimodzi.

Mwana akamazungulira ka 20 mpaka ka 30 mosalekeza, thupi lili lowongoka ndipo manja akuponda pamzere, mutsitsireni bowa. Ngati kalipentala anapanga mutu wa bowa wochotseka, uikeni pansi penipeni pamalo pamene sungatsetsereke. Apa mapazi amakhala pafupi ndi nthaka moti kupindika kulikonse kwa chiuno kumawakhudzitsa pansi, ndipo mwana amene amazungulira kakhumi pa bowa wapansi osakhudza wakonzeka kukwera pa chipangizo chachitali. Ayambire pa hatchi yopanda zogwirira, yomwe ingapangidwe ndi thabwa lokhuthala lokutidwa bwino pa miyendo yotambalala, ndipo poyamba ikhale yofupika kusiyana ndi ya pa mpikisano. Zogwirira mukadzaziika, zimangidwe ndi mabawuti odutsa thabwa lonse, osati misomali, ndipo muziziyesa tsiku lililonse ana asanakwere. Akatswiri amapaka m'manja ufa wa magnesium carbonate kuti thukuta lisawaterereze, ndipo choko cha m'kalasi sichigwira ntchito imeneyi mofanana, choncho ufawo ukasowa pakhale nsalu youma yopukutira manja ndi zogwirira. Pa zogwirira manja alibenso ufulu woponda paliponse, ndipo pa 9 ndi pa 3 koloko miyendo iyenera kudutsa pamwamba pa mbali ziwiri za hatchi zimene pa bowa panalibe, kotero chiwerengero chidzatsika kubwerera pa kamodzi kapena kawiri. Pa masabata amenewo musiye theka la nthawi ya maphunziro pa bowa, ndipo ntchito ya mphira ndi ya mabenchi ipitirire monga kale.